Phazi Langa Silinachoke pa Kilachi

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi amayi. Sukulu itandikanika ndinangokhala kumudzi kwathu kufupi ndi Mkaika, kulima mtedza ndi kukangana ndi aliyense wondiyang'ana. Tsiku lina amayi anatopa nane, anavala chitenje chawo cha kutchalitchi n'kundikoka mpaka ku Katete kwa mlongo wawo. Amalume anali ndi galaja kuseri kwa msika: mpanda wa malata, dzenje limodzi loloweramo pansi pa galimoto, ndi mtengo wa mango womwe ankapachikapo unyolo wokwezera injini. Amayi anagwada. Munthu wamkulu, mayi wa ana, kugwada pa dothi la oyilo! Anati, "Achimwene, mbumba ndi yanu. Uyu Yotamu akundiwolera m'manja." Amalume anandiyang'ana m'manja, nkhope analibe nayo ntchito, n'kunena kuti ndibwere m'mawa.

Ndisaname, amalume ntchito ankaidziwa. Ankamva injini ikulira kumsewu n'kunena chomwe chikuivuta mwini wake asanatsike. Anandiyambitsa ndi kutsuka mabawuti m'palafini, kenako kumasula matayala, kenako mabuleki, ndipo patapita zaka zingapo anandiphunzitsa kuyendetsa n'kundithandiza kutenga laisensi. Zonsezo ndimavomera, wina asadzati ndine wosayamika. Koma chomwe ndinkachifuna ine chinali dzina. Ku Katete makaniko sadyera pepala la kusukulu. Madalaivala amafunsana pa siteshoni kuti, "Ndipite nayo kwa ndani?" ndipo amene watchulidwa ndiye adye tsiku limenelo. Langa linali litayamba kumveka pang'onopang'ono. Ena ankafika pageti n'kufunsa kuti, "Kodi Yotamu alipo?" Ndinkamva kukoma, ndisabise.

Ndiye kunabwera galimoto ya a Sakala. A Sakala anali mdala wa ku Sinda amene anathera unyamata wake wonse kumigodi, ndipo pobwerera kwawo anabwera ndi kagalimoto kofiira komwe anagula kwa bwana wawo wachizungu. Kanali ka mipando iwiri yokha, denga lachinsalu lopinda, matayala a masipoko ngati a njinga, kotsika moti ukakhalamo umangoona ngati wakhala pa mphasa. Kanali kakale kuposa ine. Kanakhala zaka m'chisakasa nkhuku zikuikiramo mazira, mpaka mwana wawo wamkazi wotsiriza atapeza banja. Mdalayo analumbira kuti mwana wake adzafika kutchalitchi m'galimoto imeneyo, osati m'minibasi yobwereka. Anaikoka ndi chingwe kumbuyo kwa lole ya thonje mpaka pa galaja pathu. "Injini ikulira," anatero, "koma giya sikulowa. Mundikonzere, ana inu, ukwati uli pafupi."

Kilachi ya galimoto imeneyi siyendera waya, imayendera mafuta omwewa timathira m'mabuleki. Ukaponda pedulo umakankha pisitoni m'kasilinda kamene kali kuseri kwa injini, komwe timati masita. Mafutawo amathamanga m'paipi n'kukakankha pisitoni ina pansi, pambali pa giyabokosi, m'kasilinda kachiwiri kotchedwa sileve. Sileveyo imakankha kandodo kachitsulo, kandodoko n'kulekanitsa injini ndi matayala kuti giya ilowe. Malinga phazi lili pansi, galimoto siyenda ngakhale ili pa giya. Zonsezi zimadalira timalabala tozungulira mapisitoniwo, tating'ono ngati mphete ya pachala. Kamodzi kakatha, phazi lako silikulamulanso kanthu.

Amalume anandipatsa ine ntchitoyo. Pedulo inkangogwa pansi yopanda mphamvu. Nditatsegula kabotolo ka mafuta pamwamba pa masita ndinapeza matope akuda okhaokha. Ndinatsuka, ndinathira atsopano, n'kuyamba kuchotsa mpweya, komwe timati kubulida. Wina amapopa pedulo n'kuigwira pansi, iwe uli m'dzenje ndi sipanala yaing'ono, kumasula kanipo, kabawuti kotulutsira mpweya ka pa sileve, mafuta ndi thovu n'kumatsikira m'botolo kudzera m'kapaipi, kumanga, kukuwa kuti "Popaninso!" mpaka thovu litatha. Pedulo inalimba pang'ono, m'mawa mwake yafewanso. Ndinatsatira paipi yonse ndi chala, n'kupeza kuti yalabala yotsikira ku sileve yang'ambikang'ambika. Ndinaisintha ndi ina ya pa vani yakufa yomwe mazinga ake anagwirizana. Nditafundukula chophimba cha sileve mafuta anandidonthera pankhope. Ndinaimasula, ndinapala m'kati mwake ndi sandipepa wosalala, ndipo mwamwayi kalabala ka saizi yake ndinakapeza m'chitini cha amalume cha zotsalira.

Apo ndinayesa ndamaliza. Amalume anati, "Usathamange. Ponda, ugwire pansi, usapope." Ndinaponda n'kugwira. Iwo analowa m'dzenje, kenako tinasinthana kuti ndidzionere ndekha. Kandodo ka sileve kankatuluka bwinobwino, koma phazi lawo likadali pansi kankabwerera kokha pang'onopang'ono. Pansi pouma, popanda dontho ndi limodzi lomwe.

"Waona?" anatero. "Pakakhala pouma koma ndodo ikubwerera, mafuta akuzemba m'kati mwa masita. Kalabala ka mmenemo katha. Motoka yotere imatha kunyamuka yokha dalaivala ataponda kilachi."

Mawu amenewo anatuluka pakamwa pawo, sindinawapeke ine. Ndi iwo amene anandiphunzitsa.

Vuto linali saizi. Kalabala ka masita imeneyo sikankafanana ndi ka galimoto iliyonse yoyenda m'misewu yathu. Ndinazungulira mashopu a Katete, ndinakwera minibasi mpaka ku Chipata kalabala kakaleko kali m'thumba, onse kungopukusa mutu. Wina anati kakhoza kuitanitsidwa kunja, koma kadzafika ukwati utapita. Masita ya galimoto ina sikanakwana pamalo pake popanda kuboola chitsulo, ndipo zoboola mdalayo anali atakana kale. Ndinauza amalume kuti tingowauza a Sakala zoona, mkwatibwi akwere ina. Anakwiya. "Pa galaja yanga sipanatulukepo mawu akuti talephera. Isiye, ndiona ndine." M'mawa mwake ananditumiza ku Vubwi kukadzutsa lole yomwe inafera m'njira ndi katundu wa mtedza.

Nditabwerako ndinapeza pedulo ili gwa. Amalume anati mnzawo wina wakale anali ndi kalabala katsopano m'bokosi lake. Ndinaponda n'kugwira monga anandiphunzitsira, kandodo sikanabwerere. Ndinaiyendetsa pa tala mpaka ku Sinda n'kubwerera, giya zikulowa popanda kukukuta, ana akuthamangira m'mbali mwa msewu. Munthu ukanakayika chiyani? Anali amalume anga, analinso mphunzitsi wanga. A Sakala maso awo anali atachita ng'ala, ndiye anapempha kuti pa tsiku la ukwati galaja ipereke dalaivala. Amalume anasankha ine. Ndinasangalala, chitsiru ine, mpaka ndinakabwereka jekete.

Amene munapitako ku maukwati a kwathu mukudziwa kuti galimoto ya mkwatibwi siyenda ngati galimoto zina. Ikatsala pang'ono kufika, azimayi amaichingamira, amayala zitenje, amavina patsogolo pake, amaima, amaimba, amasuntha pang'ono, amaimanso. Ena amandifunsa kuti bwanji sindinachotse giya. Ungachotse kangati, anthu akusuntha phazi limodzi n'kuima? Dalaivala aliyense amakhala pa giya yoyamba, phazi lamanzere lili pansi, kutulutsa pang'ono, kupondanso. Pa tala kilachi umaiponda kamphindi n'kuisiya. Apa ndinaiponda mtunda wonse wochokera pamsewu waukulu mpaka kutchalitchi, dzuwa lili pamutu, kutentha kwa injini kukundiwotcha m'mawondo. Injini yakaleyo inkafuna kuzima ndikaisiya, ndiye phazi lamanja linkaipatsa moto pang'onopang'ono. Anyamata nawo ankakuwa kuti, "Iliritse, dalaivala! Iliritse!" Mkwatibwi pambali panga ankangomwetulira m'velo mwake.

Wotsogolera nyimbo anali aNaphiri, azakhali a mkwatibwi, mayi wathupi, wamawu. Titafika pageti la tchalitchi anatembenuka n'kutipatsa msana, anawerama, n'kuyamba kudula chiuno pafupi penipeni ndi bampala, nthungululu zikumveka ponseponse. Kutsogolo kwawo kunali chipilala cha geti. Phazi langa linali pansi, ndikulumbira pamaso pa Mulungu, pedulo inali itagunda pachitsulo. Ndinangomva pansi pa phazi papepuka ngati ndaponda papaya wowola, galimoto n'kulumpha. Ndinathamangira buleki, injini inazima, koma zinali zitachitika kale. Bampala inawapana mwendo ndi chipilala chija. Kulira kumene analira mayi uja sindikufuna kukulemba pano.

Anandikoka m'galimoto ndi kolala ya jekete. Mbama zinagwa, sindikudziwa za ndani. Ndinkakuwa kuti, "Kilachi! Kilachi yagwira yokha!" koma akanamva ndani? Onse anandiona ndikuliritsa injini. Amalume analipo, anaitanidwa ngati mlendo wolemekezeka, atavala suti. Anadutsa pakati pa anthu, anakweza manja, anthu n'kukhala chete. Mtima wanga unakhala pansi. Ndinati abwera kudzandiombola, chifukwa pagulu lonselo munthu mmodzi yekha wodziwa kuti galimoto imatha kunyamuka yokha anali iwo.

"Pepani makolo, pepani kwambiri," anatero. "Mwanayu phazi lamuterereka. Laisensi yake ndi yatsopano. Motoka ilibe mlandu, ndaikonza ndekha."

Kenako ananyamula aNaphiri ndi manja awo, suti yonse magazi, n'kuthamanga nawo kuchipatala pa vani yawo. Anthu anatsala akunena kuti, "Koma bambo uyu ndi munthu." A Sakala anandipeza nditakhala pansi kuseri kwa tchalitchi. Sanakalipe. Anangoti, "Iwe mwana, ndinakupatsa mwana wanga ndi galimoto yanga," n'kuchoka akupapasa khoma.

Ukwati unachitika ngati maliro. Galimoto anaikokanso kubwerera ku galaja, ndipo m'mawa mwake, amalume asanafike, ndinamasula masita. Ndinachotsa kawaya kotsekera n'kukoka pisitoni. Fungo la palafini linandilandira. Kalabala kanali komwe kaja kakale, kamene ndinayenda nako m'thumba mpaka ku Chipata, ndinakazindikira ndi kabala ka m'mbali mwake. Kanali katafufuma, kofewa ngati phala, mlomo wake utapindikira kumbuyo. Pansi pake, m'kangalande ka pisitoni, munali ulusi wakuda wosokera zovala, wokulungidwa mwaluso.

Njira imeneyi ndinkaidziwa. Ndi ya amakaniko a kuno zinthu zikathina: umaviika kalabala kotha m'palafini kuti kafufume, umakulunga ulusi pansi pake kuti katukuke, ndipo kamagwira ndithu masiku angapo. Timachitira madalaivala a minibasi amene afera panjira, n'kuwauza poyera kuti, "Izi n'zongokufikitsa ku Chipata, ukasinthe." Palafini sasiya, amapitiriza kudya labala m'katimo. Amalume anawerengera kuti kagwira mpaka ukwati upite, ndipo ukanakhala ulendo wa pa tala kakanagwiradi. Anaiwala azimayi ovina. Munthu wobadwira konkuno, amene wadya maukwati osawerengeka, anaiwala kuti galimoto ya mkwatibwi imaima phazi lili pansi, anthu ali pabampala.

Amalume atafika ndinawaikira pisitoni m'manja. Anaiyang'ana, anamasula ulusi uja pang'onopang'ono, n'kuuponya m'chigubu cha oyilo wakuda. Sanakane. Bola akanakana!

"Khala pansi, mphwanga," anatero. "Iwe ndiwe mwana, anthu adzaiwala. Ine akamva zoti ndinaika ulusi m'motoka ya ukwati, geti ili litsekedwa. Ndiye azing'ono ako sukulu aphunzira bwanji? Mayi ako feteleza awapatsa ndani?"

Ndinati, "Nanga ine dzina langa, amalume?"

Anaseka pang'ono, kuseka kondimvera chisoni, kumene kunandipweteka kuposa mbama za dzulo lake. "Dzina uli nalo kale iwe?"

Ndinathamangira kumudzi kwa amayi. Ndinawafotokozera zonse, mpaka ndinajambula pansi ndi kamtengo masita ndi kalabala kake. Anamvetsera akusenda mtedza, osandidula mawu. "Ndamva," anatero. "Ndikudziwa kuti sunama iwe. Koma amalume ako ndiwo mwini mbumba, sungawavule pagulu. Mawa ugwire nkhuku, upite nawo limodzi kuchipatala, ukagwade kwa mayiyo." Akanakhala kuti sanandikhulupirire, ndikanapirira. Anandikhulupirira, n'kusankhabe mlongo wawo.

Sindinapite kukagwada. Kuulula nako sindinaulule, chifukwa mwana wa kwathu sakulira kuloza chala amalume ake, ndipo pisitoni anali ataibweza kale m'malo mwake ndi manja awo. Ndinayesa kupitiriza ntchito, koma pageti mawu anasintha. "Ayi, motoka yanga asagwire uja wa phazi." Pa siteshoni ankangondiitana kuti Phazi, ngakhale makondakitala amene ndinkawadzutsira maminibasi. Ku Sinda kunamveka kuti mnyamata uja analumalitsa mayi sanabwere n'komwe kudzapepesa. A Sakala anabweza galimoto yawo m'chisakasa, sinatulukenso. ANaphiri mwendo unapola mokhota. Galaja ya amalume inkangodzaza monga kale. Mvula isanagwe ndinanyamula masipanala anga ochepa n'kupita ku Chipata, kukayambanso kutsuka mabawuti kwa anthu osandidziwa, ine amene ndinali nditayamba kufunsidwa pageti.

Lero ndili ndi malo angaanga komweko. Galimoto ya kilachi ya mafuta situluka pageti langa ndisanatenthetse injini, kuika miyala kumatayala, kulowetsa giya yoyamba, kuponda pedulo n'kuigwira mpaka mwendo utanjenjemera. Masita imene sindinaione m'kati ndi maso anga ndimaitenga kuti sinakonzedwe, wondiuza akhale ndani. Chinthu chikasowa ndimauza mwini galimoto kuti chasowa, akwiye apite kwina. Ndipo abale akanditumizira ana awo kuti ndiwaphunzitse ntchito, ndimawapezera malo kwa anzanga. Amati ndine wouma mtima. Anene. Ndinaona zimene chibale chimachita pa galaja zinthu zikavuta, ndipo sindikufuna kudzayesa ngati ine ndili wosiyana ndi amalume.

Amalume anamwalira chaka chathachi. Ndinapita kumaliro chifukwa cha amayi. Anthu anadzaza, madalaivala anaimika maminibasi, olankhula onse anati tataya munthu woona. Tikuchoka kumanda wina anandigwira mkono. Anali aNaphiri, atakalamba, akutsamira ndodo, mwendo uja akuukoka. Anachokera ku Sinda kudzaika munthu amene anawanyamula kupita nawo kuchipatala.

"Ndiwe Yotamu eti?"

Ndinavomera.

"Mwana wanga, ndimamva kuti sufika ku Sinda chifukwa cha manyazi. Usamadzizunze. Unali mwana. Amalume akowa anabwera kangapo kudzakupepesera, ndi iwo anandipempha kuti ndisapite nawe kupolisi. Ine ndinakukhululukira kalekale."

Amayi anali ataima pambali panga, maso ali psuu ndi kulira, akundiyang'ana pakamwa. Mawu oulula za ulusi uja anali pafupi kutuluka. Koma ndikanawanena kwa ndani? Mwini mlandu tinali titangomukwirira, ndipo mayiyo anayenda ulendo wonsewo ndi mwendo wopunduka kudzamulira. Ndinawerama, ndinagwira dzanja lawo ndi manja awiri, n'kunena kuti, "Zikomo, amayi."

ANaphiri atachoka, amayi anga anandisisita pamsana n'kundinong'oneza kuti tsopano ndakula.